Guitar Hero II: kaseweredwe anakonza, koma nyimbo zina anatiimbira ena

Gemu iyi ndi yakale, inatuluka mu November 2006 pa PlayStation 2 kenako mu April 2007 pa Xbox 360, ndiye ngati mukufuna zithunzi zowala za masiku ano apa mulibe chanu. Koma poti ma PS2 akadalipo m'makomomu ndipo ambirife timangowadziwa ndi mpira ndi magemu a ndewu basi, ndati ndilembeko za iyiyi, makamaka kwa amene munalawako Guitar Hero yoyamba ya 2005 ndipo mukudzifunsa ngati yachiwiriyi ili ndi chatsopano kapena angosintha nyimbo nkulembapo II.

Kwa amene simunaionepo, mumagwira kagitala kapulasitiki ka mabatani asanu, girini, ofiira, yelo, buluu ndi olenji, manoti amatsika pa sikirini ndipo akafika pamzere wapansi mumadina batani la mtundu womwewo kwinaku dzanja linalo likukhwatcha. Mukamenya bwino motsatizana mapointi amachulukitsidwa mpaka ka 4, mukatukula gitala mmwamba Star Power (mphamvu yapadera imene mumasonkhanitsa pomenya bwino manoti a nyenyezi) itakwanira amafika ka 8, mukamaphonya kwambiri anthu amakukuwizani nyimbo nkudukira panjira. Zonsezi a Harmonix, kampani imene inapanga gemuyi, sanazigwire, zili mmene zinalili.

Chimene anakonza ndi chimene chinkatipweteka mu yoyamba ija, ma hammer-on ndi ma pull-off, manoti othamanga aja oti umangodina batani osakhwatcha. Mu yoyamba zinalipo koma mwa dzina chabe, nthawi yoti udinemo inali yochepetsetsa moti anthu ambiri ankangokhwatcha noti iliyonse mpaka mkono kuwawa. Mu II zikugwira ndithu, chala chikatsetsereka kuchoka pa ofiira kupita pa yelo gemu ikumva, ndipo apa ndi pamene solo imayamba kukoma chifukwa umamva kuti ukuimba osati ukulimbana ndi pulasitiki. Anawonjezanso ma chord a mabatani atatu nthawi imodzi, amenewa poyamba amakupinda zala koma ukazolowera ndi bho.

Chachikulu kwa ine ndi Practice Mode. Kale nyimbo ikakhala ndi solo yovuta kumapeto umayenera kuyamba pachiyambi, kuimba mphindi zonsezo, kufika pa solo paja kugwa, kuyambanso, kugwanso, mpaka mtima kuwawa nkuzimitsa. Pano umasankha chigawo chokhacho chimene chikukuvuta, nkuchichepetsa sipidi mpaka manoti azichita kukwawa, uphunzire kuti chala chiti chipite pati kenako uzikweza pang'onopang'ono. Zikumveka zazing'ono koma ndi zimene zimasiyanitsa munthu wokakamira pa Medium moyo wake wonse ndi amene tsiku lina adzamalize Expert. Gemu yoyamba inkangokuyesa mayeso, iyi imayamba yakuphunzitsa kaye.

Ndiye pali zosewera awiri. Mu yoyamba kunali kupikisana kokha, mogawana zigawo za nyimbo. Muno muli co-op, kusewera mothandizana, wina lead wina besi kapena rhythm kutengera nyimbo, aliyense pa levulo yake, ndiye mphwanu amene wangoyamba kumene atha kukhala pa Easy inu muli pa Expert nkumaliza limodzi bwinobwino. Rock Meter, mita yoonetsa ngati anthu akukondwera nanu kapena ayi, ndi imodzi, akamaphonya iye mukumira nonse, ndipo Star Power imalira kuti nonse mutukule magitala nthawi imodzi, apa ndiye pamakhala kukuwizana "tiye! tiye!" mpaka aneba kudabwa. Muli Pro Face-Off yomwe nonse mumamenya manoti ofanana ndendende, yabwino pothetsa makani a ndani dolo. Chodandaulitsa ndi besi, nyimbo zambiri ndi du du du pa batani limodzi mpaka kumapeto, kwa ife amene tinakulira sungura komwe besi imachita kuyankhula zimagonetsa tulo, moti mumayamba kukangana kuti atenge lead ndani.

Tsopano nyimbo. Pa PS2 zilipo 64, zikuluzikulu 40 ndi za bonasi 24 zogula ndi ndalama za mu gemu momwemo, pomwe yoyamba inali ndi 47. Ya Xbox 360 ili ndi 74. Kuchuluka ndiye zachuluka, vuto ndi lakuti pafupifupi zonse zikuluzikulu zija si eni ake akuimba, ndi ma kava opangidwa ndi a WaveGroup Sound, nchifukwa chake nyimbo ikamayamba pamalembedwa "as made famous by". Pa PS2 za mabandi otchuka zimene zili zenizeni ndi ya Primus ndi ya Jane's Addiction. Oimba magitala a ma kavawa anagwira ntchito, sindinganame, nthawi zina sungasiyanitse nkomwe, koma mawu eee, pali nyimbo zina woimbayo akangotsegula pakamwa umadziwiratu kuti awa ndi aganyu, ndipo ngati nyimboyo umaikonda kuyambira kale zimakuchotsa mu mudi. Komanso masankhidwe ake anapendekera ku rock yolemera ndi metal, ma tier (magulu a nyimbo) omaliza ndi phokoso ndi sipidi basi, anasankha nyimbo chifukwa ndi zovuta kumenya osati chifukwa ndi zokoma kumvera. Munthu amene rock sumaitsata kwenikweni upezamo zochepa zoti nkuimbira limodzi.

Kuvutako nakonso kuli ndi pake. Easy ndi mabatani atatu, Medium anayi, ndiye pa Hard likulowa la olenji lija, zala zogwira ntchito ndi zinayi mabatani asanu, dzanja liyenera kumasuntha, ndipo nthawi yomweyo sipidi yakwera manoti achuluka. Palibe sitepe yapakati, ambiri amathera pomwepa. Mwina anadalira kuti Practice Mode iwapulumutsa, koma si aliyense amene amagula gemu kuti azikachita homuweki.

Career Mode, komwe bandi yako imakwera kuchoka pansi mpaka kutchuka, ndi yomweija, kuchoka ku mpikisano wa mabandi pasukulu, kudutsa mabala a ku Boston ndi Providence mpaka kukathera ku Stonehenge ku England. Chatsopano ndi encore, ukamaliza tier anthu amakuwa kuti ina ina ndiye pamatuluka nyimbo imene sunaione pa mndandanda. Yomaliza ndi Free Bird, mphindi pafupifupi 9, ndipo gemu imakufunsa mobwerezabwereza ngati ukutsimikizadi kuti uimba, apa anandiseketsa. Kupatula apo mulibe nkhani, ndalama zake umagulira nyimbo za bonasi zija komanso zinthu ngati zovala ndi magitala osasintha kalikonse pa kamvekedwe, ndipo ukasintha levulo uyambirenso Career pachiyambi. Kusewera ndi munthu wa kutali pa intaneti kulibe, ngakhale pa Xbox 360 pomwe anangoikapo ma leaderboard (mndandanda wa amene ali ndi mapointi ambiri) ndi nyimbo zogula zitatuzitatu zimene anthu anadandaula nazo mtengo. Za nyimbo ya Jordan ya woimba gitala Buckethead ku bonasi kuja sindinenapo zambiri, ndi ya anthu a zala zina.

Harmonix itagulidwa ndi MTV inapita kukapanga Rock Band, Guitar Hero III nkupatsidwa kampani ina ya Neversoft pansi pa Activision, ndipo ine ndimaona kuti manoti a mu II amatsata gitala yeniyeni mokhulupirika kuposa a mu III omwe pena amangothira manoti kuti uvutike.

Mugule? Ngati muli ndi gitala yake komanso mnzanu wosewera naye, eya, musachedwe. Pa padi wamba imaseweredwa, L2 L1 R1 R2 ndi X, koma kukoma konse kumathera pomwepo, ndipo kupeza gitala yake ya pa PS2 yotchedwa SG panopa ndi kwa second hand basi. Mukaipeza yesani kaye chokhwatchira mmwamba ndi pansi, dinani mabatani onse asanu, muitukule muone ngati Star Power ikuyaka, ikakana batani la Select limagwira ntchito yomweyo ndiye muwauze atsitse mtengo. Pa TV zakale za chimsana zija imayenda bwinobwino, koma pa plasma chithunzi chimachedwa pang'ono ndiye lowani mu Options mukonze lag, kuchedwa komweko, musanayambe kutukwana gitala yosalakwa.