Ndemanga pa magulu a CST a okalamba odwala dementia

Mwa thandizo lonse limene limaperekedwa kwa okalamba amene ayamba kuiwalaiwala chifukwa cha matenda a ubongo otchedwa dementia, Cognitive Stimulation Therapy, njira yodzutsa maganizo pocheza m'magulu imene ambiri amangoti CST, ndi imodzi mwa njira zochepa zimene zinayesedwa mokwanira. Anaikonza ku Britain ndi Aimee Spector, Martin Orrell, Bob Woods ndi anzawo. Kafukufuku wawo wa 2003, wa anthu 201, anapeza kuti olowa m'magulu amenewa ankaganiza bwinoko, ndipo moyo ankaumva kukoma kuposa anzawo amene sanalowe. Kuyambira 2006, bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zaumoyo ku Britain, limalangiza kuti odwala amene matenda awo sanafike patali azipatsidwa mwayi wolowa m'magulu otere. Amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain mwina mwakumana nawo kale kuzipatala za boma za NHS kapena kunyumba zosungira okalamba.

Gulu limakhala la anthu 5 mpaka 8 ndi otsogolera awiri. Amakumana kawiri pa sabata kwa milungu 7, ndiye kuti maulendo 14, ulendo uliwonse mphindi 45. Chiyambi sichisintha: amalonjerana potchulana mayina, amaimba nyimbo imene gulu linadzisankhira, amaponyerana mpira wofewa, kenako amayang'ana bolodi lolembedwa dzina la gulu, tsiku, mwezi ndi malo. Mphindi pafupifupi 25 zapakati ndi za mutu wa tsikulo, monga ubwana, zakudya, nkhani za m'nyuzipepala, nkhope za anthu, ndalama, masamu kapena masewera a mawu.

Mphamvu yeniyeni ya CST yagona pa kafunsidwe. Wotsogolera wodziwa ntchito safunsa gogo kuti, "Uyu pachithunzipa ndani?" Funso limenelo lili ndi yankho limodzi, ndipo wolephera amachita manyazi n'kutseka pakamwa mpaka mapeto. M'malo mwake amaika zithunzi ziwiri patebulo n'kufunsa kuti, "Pa awiriwa, wooneka wokhulupirika ndani? Mwaona chiyani pa iyeyo?" Apa palibe wolakwa. Munthu amayerekeza, amasankha, amafufuza mawu ofotokozera maganizo ake, ndipo nthawi zina dzina lija limatulukira lokha. Pa tsiku la zakudya amabweretsa zakudya zenizeni zoti anthu agwire, anunkhize ndi kulawa, chifukwa fungo limadzutsa zakale zimene funso lingalephere kuzifikira. Pa tsiku la ndalama amagwira ndalama zakale ndi zatsopano n'kumakambirana mitengo ya buledi kale ndi lero.

Pomwepanso m'pamene magulu ambiri amalakwitsa. Wotsogolera wosaphunzitsidwa amasandutsa msonkhano kukhala mayeso a kusukulu, kapena amalankhula ndi akuluakulu ngati ana, kuwapatsa zithunzi za ana zoti apake utoto. Okalamba amazindikira msanga kuti akunyozedwa ndipo sabweranso. Vuto lina ndi la makutu ndi maso: munthu amene batire la kachipangizo kake komvera latha, kapena waiwala magalasi, amaoneka ngati matenda akula pamene sakumva chabe. Izi ziyenera kuonedwa pakhomo, msonkhano usanayambe. Kusakaniza amene angoyamba kudwala ndi amene adwala kwambiri kumawononganso gulu, ena amatopa nazo, ena amasokonezeka. Wotsogolera wachiwiri si wongokhalapo. Ndiye amakhala pafupi ndi wofatsa uja kuti asamizidwe ndi wolongolola, ndiye amaperekezanso wofuna kupita kuchimbudzi zokambirana zili mkati.

CST sichiza dementia ndipo siiletsa kukula. Phindu lake ndi lochepa koma lenileni, ndipo milungu 7 imatha msanga. Pali ndondomeko yopitiriza ya kamodzi pa sabata kwa milungu 24, koma si malo onse amaipereka, chimene ndi chofooka chachikulu cha thandizoli. Palinso CST ya pakhomo, yochita wodwala ndi wachibale wake awiriwiri. Itayesedwa sinaonetse kusintha pa kaganizidwe, ngakhale odwala anati ubale wawo ndi owasamalira unakoma. Zikuoneka kuti kucheza pagulu ndi mbali ya mankhwalawo.

Pa chifukwa chimenechi, gulu la CST ndimaliika patsogolo pa mapulogalamu a pafoni olonjeza kunola ubongo. Mu 2016, kampani ya Lumos Labs, eni ake a pulogalamu yotere yotchedwa Lumosity, inavomera kulipira madola 2 miliyoni ku Federal Trade Commission, bungwe la boma la America loteteza ogula, chifukwa cholengeza popanda umboni kuti masewera ake amateteza ku dementia. CST sifuna kompyuta kapena magetsi, ndipo inasinthidwa kale kuti igwirizane ndi chikhalidwe cha m'boma la Hai ku Tanzania ndi ku Ibadan ku Nigeria, poganizira okalamba osadziwa kuwerenga.

Musanalembetse kholo lanu, funsani ngati otsogolera anaphunzira CST, ngati amakhaladi awiri nthawi zonse, kuchuluka kwa anthu m'gulu, ndi chimene chimachitika ulendo wa 14 ukadutsa. Funsaninso za chilankhulo, chifukwa ena matenda akamakula amataya chilankhulo chimene anaphunzira atakula n'kubwerera ku chakwawo, ndipo gulu la Chingerezi chokha silingawathandize mokwanira.