Za matabuleti a BEFIT aja, maganizo anga ngati kholo

Anthu akumafunsana kuti matabuleti afika m'masukulu apulaimale kudzera mu ndondomeko ya boma ya zamaphunziro yotchedwa BEFIT aja ngothandizadi kapena ana akungogemerapo. Wanga ali Sitandade 2 ndipo amawagwira, nde ndinenepo zomwe ndaona ndi maso anga.

Mkatimo mulibe Facebook kaya YouTube ayi, muli pulogalamu imodzi basi, onecourse, ya bungwe la ku UK lotchedwa onebillion, omwe aja anawina nawo mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsa ana wotchedwa Global Learning XPRIZE mu 2019 zitayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Kuno BEFIT inayamba mu 2023 ndipo ndi ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuwerenga ndi masamu. Sizilira bandulo kapena netiweki, amatchaja pa sola, nde za kuthima kwa magetsi sizikukhudza.

Chomwe chandigwira mtima ndi mmene imaphunzitsira. Mwana avala mahedifoni, kamphunzitsi ka katuni kamuyankhula m'Chichewa, amva liwu loti mmm, pomwepo chilembo m chaoneka pasikirini, achitsata ndi chala, kenako maphatikizo, ma ndi yi akumana apanga mayi ndipo chithunzi chili pompo. Khutu, diso ndi chala zikugwira ntchito limodzi. Akaphonya palibe womuseka, abwerezanso mpaka atheze, komanso aliyense amayenda pa liwiro lake. Inu mukudziwa mmene makalasi athu alili chiyambire pulaimale yaulere mu 1994, ana mpaka kupitirira 100 pa mphunzitsi mmodzi, ena akhala kumbuyo kwenikweni bolodi osaliona nkomwe, nde mwana wamanyazi ngati wangayu amatha chaka chonse osatchulako liwu ndi limodzi lomwe. Pano akumawerenga zikwangwani tikamapita kuchigayo, mokuwa, mpaka za pa paketi ya sopo, kukakamira pa phatikizo lililonse mpaka litatuluka. Ndinasangalala zedi.

Koma makolo anzanga tisagone poti kuli tabuleti. Kutsata chilembo ndi chala pagalasi ndi zina, kugwira pensulo n'kulemba mu kope ndi zinanso, dzanja limafuna kuzolowera palokha. Komanso makina sangakhale pamkeka ndi mwana n'kumufunsa kuti iwe nkhani wawerengayi ukuganizapo chani, bwanji anachita choncho mnyamatayu. Imeneyo ndi ntchito ya aphunzitsi ndi ife, ndipo aphunzitsi asaonedwe ngati ongoyang'anira matchaja chonde, luso lawo likufunikabe kwambiri.

China chomwe ndimalakalaka, ndipo apa si vuto la pulogalamuyi poti ndi ya oyamba kumene, ndi choti kuwerenga kwa masiku ano sikuthera pa buku. Ana omwewa mawa alandira voisi noti pa WhatsApp, chithunzi chosinthidwa, kavidiyo kodulidwa pakati, ndi mameseji aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Akafika Sitandade 5 kupita m'tsogolo pakufunika wina awaphunzitse kufunsa kuti walemba ndani, akufuna chani kwa ine, komanso kuti iwo eni azitha kulemba meseji yomveka kapena kujambula mawu ofotokoza nkhani mwadongosolo.

Ngati matabuletiwa afika kusukulu kwanu musamuletse mwana, ndipo asamajombe. Madzulo mumpatse kope ndi pensulo alembe mawu omwe wakumana nawo tsikulo, akuwerengereni mokweza inu mukuphika.