Ndinaitanitsa HEGERBERG 14, kunabwera HAALAND 9

Nyenyezi zitatu. Ndikanalemba ndemangayi tsiku limene phukusi linafika, bwenzi ili imodzi, nayonso chifukwa choti tsambali sililola kupereka ziro.

Ambiri mukuwadziwa ogulitsa majezi a ku Limbe aja, amene pa Facebook amalemba kuti dzina lililonse amadinda. Mtengo ndi womwe uja: K38,000 jezi, K7,000 dzina ndi nambala, ya basi padera ngati muli kunja kwa Blantyre. Ine ndili ku Zomba. Sindinanenerere, ndinatumiza zonse pa foni, chifukwa jeziyo inali mphatso ya mwana wanga wamkazi amene ali Fomu 2 ndipo amasewera kutsogolo mu timu ya pasukulu pawo.

Pakhomo pano timu ya amayi ya Lyon, ya ku France, tinayamba kuitsata mu 2024, Tabitha Chawinga atapita kumeneko. Ife akuluakulu maso amakhala pa Tabitha basi. Mwanayu maso ake anakagwera pa mnzake wa Tabitha wovala nambala 14, Ada Hegerberg wa ku Norway. Akuti amakonda mmene amazembera otchinga kumbuyo n'kungopezeka waima pomwe mpira ukugwera, ndi mmene amaumenyera ndi mutu. Ndiye ndinalemba pa WhatsApp m'zilembo zikuluzikulu: jezi yoyera ya Lyon, saizi S, kumbuyo HEGERBERG, nambala 14. Ndinatumizanso chithunzi cha wosewerayo atapereka msana, kuti pasadzakhale chonamizira. Yankho linabwera msanga: "Zamveka madamu."

Phukusi linafika pa nthawi yake, apo sindikuwadandaula. Mwana anatsegula yekha, azibale ake atamuzungulira. Kutsogolo zonse zili m'malo mwake, mkango wa Lyon uli pachifuwa. Kutembenuza kumbuyo: HAALAND, 9.

Haaland pa jezi ya Lyon! Munthu woti sanasewerepo mu ligi ya ku France n'kamodzi komwe. Anayambira ku Bryne, kenako Molde, Salzburg, Dortmund, n'kufika ku Manchester City. Lyon ikulowa pati pamenepa? Mlongo wa mwana wangayo, amene ndi sapota wa City wofera, anaseka mpaka kugubuduka pansi. Mwana wanga sanalire, sanalankhulenso. Anaipinda bwinobwino, kuibwezera m'jumbo yake, n'kukalowa kuchipinda. Makolo anzanga mukudziwa mmene chete wotereyu amabayira.

Ndinaimba ndili ndi mtima wabwino, poganiza kuti angosinthanitsa maphukusi, ndipo kwinakwake kuli mnyamata amene akudabwa ndi Hegerberg wanga. Anayankha ndi yemwe uja wa "zamveka madamu".

"Ayi mayi, sitinasokoneze. Dzina munatumiza lija tinaona kuti mwalakwitsa, ndiye takukonzerani. Wa ku Norway womwetsa zigoli ndi Haaland."

Ndinati, "Achimwene, chithunzi chija munachiona?"

Akuti anachiona, koma "zijazi ndi za mpira wa atsikana, ife sititsata, komanso palibe amagula." Palibe amagula, kumuuza munthu woti wangogula kumene! Anapitiriza kuti mwanayo akavala ya Haaland anzake amusirira, ndiye m'malo modandaula ndithokoze. Nditaumirira, anati ndibweze jeziyo pa ndalama zanga, ndiwonjezerenso K7,000 ina yodindira kachiwiri, ndipo ndisadzadabwe dzina lalitali choncho likalephera kukwana pamsana wa saizi S. Asanadule foni ndinamumva akuuza anzake m'shopumo kuti "ndi amayi a mpira wa azimayi aja," onse n'kufa nacho chiseko.

Akanakhala kuti anaphonya chilembo chimodzi, bwenzi nditangoseka. Dzinalo ngakhale ine limandipinda lilime. Koma uyu anawerenga uthenga, anaona chithunzi, n'kugamula yekha kuti mayi wa ku Zomba sangadziwe chimene akufuna, ndipo kuti mkazi sangakhale ndi dzina loyenera kudindidwa pa jezi. Ndalama yanga analandira yonse, maganizo anga ndiwo anawataya.

Ndiye poti ndikudziwa kuti ndemangazi mumawerenga, achimwene, khalani pansi ndikuuzeni za munthu amene munamufufutayo. Zambiri ndinaphunzitsidwa ndi mwana wanga yemweyo, amene amazilakatula ngati katekisimu.

Ada Hegerberg anabadwa mu 1995 ku Molde, tauni yomweyo imene Haaland wanuyo anakatchukira ali m'manja mwa Ole Gunnar Solskjær. Mu 2012, ali ndi zaka 17 zokha, anali m'gulu la omwetsa zigoli zambiri mu ligi ya kwawo, akusewerera Stabæk. Chaka chotsatira anapita ku Germany, ku Turbine Potsdam, pamodzi ndi mkulu wake Andrine, ndipo mu 2014 Lyon inamutenga. Chikho cha Champions League ya amayi wachinyamula mu 2016, 2017, 2018, 2019, 2020 ndi 2022. Werengani ndi zala, dzanja limodzi silikwanira. Haaland chake choyamba anachiona mu 2023. Mu mpikisano umenewu palibe mkazi amene wamwetsa zigoli zambiri kuposa Hegerberg, ndipo mu sizoni ya 2017/18 yokha anagoletsa 15. Fainolo ya 2019 ku Budapest, Lyon inathibula Barcelona 4-1, ndipo zitatu mwa zigolizo anamwetsa ndi iyeyo, zonse m'chigawo choyamba. Kanema wake alipo pa YouTube, bandulo ya shopu mumathera zina ija mutha kuonerako.

Mu Disembala 2018, pamene anayamba kupereka kwa amayi Ballon d'Or, mphoto ya wosewera bwino kuposa onse padziko, woyamba kuilandira anali iye. Nthawi imeneyo Haaland anali ndi zaka 18, akulongedza zikwama kuchoka ku Molde kupita ku Salzburg. Ballon d'Or yoyamba kulowa m'dziko la Norway inalowa m'manja mwa mkazi. Ndipo usiku womwewo ku Paris, chikho chili m'manja, DJ wina pa siteji anamufunsa ngati amadziwa kuvina kogwedeza mbina kuja. Anangoyankha kuti ayi n'kutembenuka. Dziko lonse linamudzudzula DJ uja mpaka anapepesa. Mwano wake ndi wanu, achimwene, ndi wa mtundu umodzi, kungoti wanu munaudinda ndi makina otentha pa nsalu yoti ndalipira ine.

Chimene mwana wanga amachikonda kwambiri pa iye si zikho ayi. Mu 2017 Norway inatuluka mu Euro, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, itagonja masewero onse atatu, osagoletsa ngakhale chimodzi. Zitatha izo Hegerberg anasiya kusewerera timu ya dziko lake, ponena kuti akuluakulu a mpira kwawo sankaupatsa ulemu mpira wa amayi. Bungwe lawo linalengeza chaka chomwecho kuti amuna ndi akazi a timu ya dziko azilandira mofanana, koma iye sanabwerere, chifukwa nkhani sinali ya ndalama zokha. World Cup ya 2019 inachitikira ku France, fainolo yake mu mzinda wa Lyon momwe amakhalamo, iye ali katswiri woposa onse padziko, koma sanasewere. Taganizani kukana phwando lochitikira pakhomo pako chifukwa cha mfundo. Anabwerera mu 2022, Lise Klaveness atakhala mkazi woyamba kutsogolera bungwe la mpira ku Norway, ndipo masewero ake oyamba anamwetsa zitatu pokumana ndi Kosovo. Pakati pa zaka zimenezi anadukanso mtsempha wa m'bondo mu Januwale 2020, kenako fupa la mwendo linachita mng'alu, n'kukhala kunja kwa bwalo mpaka Okutobala 2021. Ambiri ankati zake zatha. Mu Meyi 2022 ku Turin anamwetsanso Barcelona yomweyo mu fainolo, ndi mutu, Lyon n'kupambana 3-1.

Mtsikana amene amasewera pa bwalo la fumbi, amene anyamata amamuuza kuti apite kukatsuka mbale, nkhani ngati imeneyi ndi imene amafuna kuibereka pamsana. Si zovuta kumvetsa.

Musandimve molakwika, Haaland sindikumunyoza. M'nyumba muno dzina lake limatchulidwa kuposa la mwini nyumba. Zigoli 36 mu sizoni yake yoyamba ya Premier League si zamasewera, zigoli 9 m'masewero amodzi pokumana ndi Honduras ali mu timu ya achinyamata mu 2019, ndiponso zigoli 16 zimene zinathandiza Norway kupeza malo ku World Cup ya amuna koyamba chichokereni 1998. Ndikanafuna jezi yake ndikananena, ndipo ikanakhala ya City kapena yofiira ya Norway, osati chinthu chosadziwika mtundu chimene munanditumiziracho.

Tsopano za nyenyezi ziwiri zinazo.

Ndinalemba dandaulo pa tsamba lawo la Facebook, ndipo lisanathe tsiku linali litafufutidwa. Ndikudziwa amene anafufuta. Koma zikuoneka kuti wina anali atalijambula kale n'kutumizira mwini shopu, chifukwa m'mawa mwake foni inalira, nambala yachilendo. Anali mayi wachikulire ndithu, mawu ake odekha. Anati anali ku Dar es Salaam kukaoda katundu, shopu anasiyira anyamata. Sanayambe ndi kudziteteza. Anangoti, "Mayi anga, ndamva zonse, talakwa ndife. Mwanayo ali bwanji?" Kundifunsa za mwana, osati za jezi. Mkwiyo wanga wonse ndinali nditaukonza kuti ndiwakhuthulire, koma apa unasowa polowera.

Anati dzinalo afufuza okha pa intaneti, ndipo achita manyazi kuona kuti ndi munthu wosewera timu imodzi ndi Tabitha wathu. Anatenga jezi yatsopano, osati kumatula zilembo pa yakale ija monga amachitira ena mpaka nsalu kutsala ndi zipsera. Anaimirira pa makina iwo eni, n'kunditumizira chithunzi asanaipakire kuti ndione ngati zilembo zili bwino. Zilembo 9 zonse zinakwana pamsana wa saizi S, malo n'kutsalako. Sanandilipiritse kalikonse, anaikamonso sokosi za mpira zopepesera. Analonjezanso kubweza ndalama ya basi imene ndinatumizira jezi yolakwika ija.

Jezi yeniyeniyo, kunena chilungamo, ndi yabwino kuposa mmene ndinkayembekezera pa mtengo umenewu. Musadzinamize kuti ndi orijino, mtengo womwewo ukukuuzani, ndipo mayiwo sananamepo kuti ndi yochokera ku France. Koma nsalu yake ndi yopepuka, siikakamira thupi munthu akatuluka thukuta, ndipo ukachapa m'mawa pofika masana yauma. Misoko ya m'khwapa, pomwe majezi otchipa amayambira kumasuka, ili gwa mpaka pano, chonsecho mwanayu amakokedwa malaya pafupifupi masewero aliwonse. Baji ndi yosokera, osati yomata. Dothi lofiira la pabwalo limachoka ndi sopo wamtanda wamba, bola kunyika msanga. Mizere yofiira ndi ya buluu sinasuluke kapena kuthimbirira poyera.

Zofooka zilipo ziwiri. Masaizi awo ndi aang'ono, S wawo ndi wothina, moti chaka chamawa jeziyi ikhala ya mng'ono wake. Tengani yokulirapo ndi sitepe imodzi. Chachiwiri, ngodya ya m'munsi ya nambala 4 yayamba kunyamuka pang'ono. Ndinayala kansalu pamwamba n'kusindikiza ndi simbi yofunda, yagwiranso, koma ndikuiyang'anira. Muzichapa mutaitembenuza, madzi ozizira, osaipotokola pofinya, ndipo simbi isakhudze zilembo mwachindunji.

Mnyamata uja akadali pomwepo, ndiye amayankhabe WhatsApp ya shopu. Nditalemba kuti jezi yafika, anangotumiza kachala kam'mwamba, pepani ayi. Ndipo jezi ya Lyon ya Haaland ija ndinaiona pa tsamba lawo sabata yomweyo, ataiveka chidole, pansi atalemba kuti "special edition". Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndiimbirenso mayi aja.

Chinanso, mayi, poti inu mumamva: tsamba lanu lonse ndi Arsenal, United, Liverpool, City, Chelsea ndi Real Madrid. Palibe jezi ya Tabitha, palibe ya mng'ono wake Temwa amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, palibenso ya Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, imene inatibweretsera chikho cha COSAFA mu 2023. Chivalireni jeziyi kusukulu, atsikana anzake akhala akundifunsa komwe ndinagula, ndipo nambala imene ndikuwapatsa ndi yanu ya m'manja, osati ya shopu.

Amene mukufuna kugula, gulani, koma funsani kuti mulankhule ndi mwini wake. Ndalama yodindira musatumize musanaone chithunzi cha zilembo atazindandalika pa jezi, makamaka ngati dzina lanu si la amene amaonekera pa TV Loweruka lililonse masana.

Ya basi ija, K6,000, sinafikebe. Ndakumbutsa kudzera pa nambala ya shopu, uthenga ukuonetsa kuti wawerengedwa.