Rediyeta ikamadontha: mankhwala omata kapena kufufuza podonthapo

Madzi akamatha m'rediyeta ndipo muvi wosonyeza kutentha ukamakwera galimoto ili pachitunda, mwini wake amakhala ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kuthira mankhwala omata, amene ndi otsika mtengo ndipo amatsekadi kabowo kakang'ono. Komabe sangathandize paipi ya labala yong'ambika, pampu ya madzi yakutha kapena thanki yapulasitiki yosweka. Choipa china n'chakuti tizidutswa take timatha kutseka tinjira topyapyala ta m'rediyeta, kotero injini imayambiranso kutentha ngakhale kudontha kutasiya.

Yachiwiri ndi kupita kwa makaniko amene ali ndi pampu yoyesera. Injini itazizira, amalumikiza pampuyo pakamwa pa rediyeta n'kupopa mpaka pamlingo wolembedwa pachivundikiro cha rediyeta, womwe pa Toyota zambiri umakhala 0.9 kapena 1.1 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya). Madzi amayamba kuonekera podonthapo, ndipo nthawi zina vuto limangokhala kilampu yomanga paipi yomwe yamasuka, yosafuna ndalama konse. Muvi wa pampuyo ukamatsika koma kunja kulibe dontho, mwina madzi akulowa m'kati mwa injini. Utsi woyera wosatha, thovu m'kabotolo ka madzi, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka pachivundikiro chake zimaloza ku kuonongeka kwa head gasket, chomatira chokhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, ndipo zikatero kudalira mankhwala kumangochedwetsa ntchito mpaka mutu wa injini utapindika.

Mankhwala ndi oyenera pamene galimoto yadontha kutali ndi galaja, kuti ingofika kwa makaniko. Powathira pafunika kudikira injini izizire, chifukwa kutsegula chivundikiro ikadali yotentha kumaulutsa madzi owira kumaso.