Thumba kapena cooler box: kufulula malita 10 a pale ale kuno ku Zomba

Ofulula mowa wa pale ale ndi chimera chenicheni cha balere amagawanika pa nkhani ya ziwiya. Ena amaviika chimeracho m'thumba lansalu mkati mwa poto mmodzi, ena amati phala lake lizikhala mu cooler box. Pa malita 10, omwe ndi mabotolo pafupifupi 30 a 330 ml, njira zonse ziwiri zimatulutsa mowa wabwino. Zimasiyana pa ntchito, pa ziwiya zofunika, ndi pomwe zinthu zimalakwikira.

Muyeso ukhale umodzi kuti kuyerekeza kumveke: chimera choyera cha pale malt makilogalamu 2.2, chimera chotsekemera cha crystal malt magalamu 200, ndi hops (maluwa owawitsa ndi kununkhiritsa mowa) wa mtundu wa Cascade magalamu 50. Phala likhale pa 66°C kwa ola limodzi, kenako madzi otsekemera otuluka m'phalamo awire ola limodzinso. Hops amalowa katatu: magalamu 15 madzi akangoyamba kuwira, 15 ena kutatsala mphindi 10, otsalawo mukazimitsa moto. Zikayenda bwino hydrometer, yoyezera kuchuluka kwa shuga m'madzimo, imasonyeza pafupifupi 1.048 musanathire yisiti ndi 1.010 mowa ukapsa, ndiye kuti mphamvu yake ndi 5%.

Njira ya thumba imafuna poto wa malita 20 ndi thumba la nsalu yopyapyala ya polyester, yonga ya makatani oonekera mkati. Telala aliyense wa mumsika wa Zomba angakusokereni, bola apinde msoko kawiri chifukwa chimera chonyowa chimalemera. Chitenje ayi: chimasuluka utoto ndipo madzi sadutsa msanga. Mumathira madzi onse nthawi imodzi, malita 16, n'kuwatenthetsa kufika 69°C. Chimera chikalowa kutentha kumatsikira pa 66°C. Takasani mpaka zibuluma zonse zithe, vundikirani, phulani poto pamoto, mumukulunge ndi bulangete. Ola likatha tukulani thumba, lisiyeni lidonthe, lifinyeni mutavala magolovesi. Kufinya sikuononga kukoma monga ena amaopera, ndipo kumakubwezerani madzi otsekemera amene akanatayika ndi masese.

Vuto la thumba ndi kutentha. Poto wa aluminiyamu amazizira msanga, makamaka m'miyezi ya June ndi July chiperoni chikaomba, ndipo phala limatha kutsika ndi madigiri atatu kapena anayi ola lisanathe. Zikatero mowa umatuluka wopepuka m'kamwa, chifukwa pa kutentha kotsika chimera chimapanga shuga amene yisiti amamudya pafupifupi yense. Ambiri amathamangira kubwezera poto pamoto, ndipo apa ndi pamene thumba limapserera pansi. Ngati mukufuna kutenthetsanso, litukuleni kaye lisagunde pansi pa poto ndipo muzitakasa osaleka. Pa gasi n'zosavuta popeza moto mumauchepetsa mmene mukufunira. Pa mbaula makala samvera munthu, choncho n'kwabwino kusunga ketulo ya madzi owira pafupi n'kumathira pang'onopang'ono mukuyang'ana thermometer.

Cooler box ndi imene imathetsa vuto limeneli. Bokosi lotsukidwa kaye ndi madzi otentha limasunga phala pa 66°C ola lonse, mwina kutsika digiri imodzi yokha. Koma liyenera kubooledwa, kuikidwa kampopi, ndi sefa ya chitsulo chosachita dzimbiri pansi pake. Phala lake ndi lolimba: malita 7 a madzi a 73°C. Ola likakwana mumatsegula kampopi pang'ono, malita awiri oyamba n'kuwabwezera pamwamba mpaka madzi ayere, kenako kukhuthulira onse m'poto. Mumathiranso malita 9 ndi theka a madzi a 76°C, kutakasa, kudikira mphindi 10, n'kukhuthulanso. Apa pakufunika mapoto awiri, wina wotenthetsera madzi otsukira chimera, wina wowiritsira. Madzi otsukirawo asapitirire 78°C, chifukwa makoko a balere amatulutsa kukhakhala kumene kumaumitsa lilime ngati tiyi wokhalitsa.

Pomwe bokosi limagwetsa anthu ndi kaperedwe ka chimera. Mu cooler box makoko ndiwo sefa yeniyeni, choncho njere ziyenera kungosweka, makoko akhale athunthu. Chimera choperedwa kuchigayo cha chimanga chimasanduka ufa, phala limamata, ndipo kampopi kamangodontha kenako n'kusiyiratu. Thumba lilibe nazo ntchito zimenezi. Nsalu ndiyo imasefa, ndipo chimera chosalala pang'ono chimatulutsa shuga wochulukirapo. Kwa ife amene chimera cha balere timachita kuitanitsa kunja, makamaka ku South Africa, ndipo sitikhala ndi makina akeake operera, mfundo imeneyi ndi yaikulu. Wa bokosi ayenera kuitanitsa choperapera, chomwe chimayamba kuguga msanga, makamaka m'chinyezi cha nyengo ya dzinja. Wa thumba angagule chathunthu, chomwe chimasungika miyezi yambiri m'ndowa yotseka bwino, n'kumapera pang'onopang'ono ndi kachigayo kam'manja.

Bokosi limapambana pa kuyera kwa madzi otsekemera. A m'thumba amatuluka amatope, ndipo pansi pa chigubu chofululira pamakhala masese ochuluka, mwina lita yathunthu. Mowawo umadzayera ndithu m'botolo, kungoti mumataya pang'ono. Bokosi limapambananso mukafuna malita 20 kapena kuposa, chifukwa thumba la makilogalamu 5 a chimera chonyowa si lotukula ndi manja pamwamba pa poto wotentha. Koma pa malita 10 ine ndingasankhe thumba mosakayika. Ziwiya zotsuka n'zochepa, moto ndi umodzi, ndipo ntchito yonse imatha pasanathe maola anayi, pamene ya bokosi imayandikira asanu.

Za madzi, njira zonse ziwiri zimafuna zofanana. A m'mipope ya m'tauni amachokera kuphiri, ku damu la Mulunguzi, ndipo ndi ofewa, zomwe zimayenerana ndi chimera choyera. Magalamu atatu a gypsum, ufa wothira m'madzi ofululira, amathandiza kuti kuwawa kwa hops kumveke bwino. Chofunika kuchotsa ndi chlorine, amene akakumana ndi chimera amapatsa mowa fungo la mankhwala a kuchipatala. Kachidutswa ka piritsi lochotsera chlorine la Campden, gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kokwanira madzi onsewo. Madzi a pamjigo alaweni kaye, popeza madera ena a kuchigwa cha Chilwa amakhala amchere. Dziwaninso kuti Zomba ali pamtunda, motero madzi amawira pafupifupi pa 97°C. Thermometer yanu ikasonyeza choncho siinaonongeke.

Tsono mkangano wa thumba ndi bokosi ndi waung'ono poyerekeza ndi wa yisiti, chifukwa kuno mowa wambiri wa pakhomo umaonongekera m'chigubu osati m'poto. SafAle US-05, amene amabwera m'kapaketi ka magalamu 11.5, ndiye yisiti wodziwika wa pale ale ya chi America. Satulutsa fungo lakelake, amasiya hops amveke. Koma amafuna mowa ukhale pa 18 mpaka 20°C, ndipo mowa ukamafufuma umadzitenthetsa wokha ndi madigiri awiri kapena atatu kuposa mpweya wa m'chipinda. Mu June ndi July, m'chipinda cha simenti chosaombedwa dzuwa, izi zimatheka popanda furiji, ndipo kwa amene ali kumtunda cha Ku Chawe n'zophwekanso kwambiri. Mu October ndi November ayi. Chipinda chikamapitirira 28°C, US-05 amatulutsa fungo la nthochi yakupsa kwambiri ndi ukali wotentha pakhosi, ndipo ngakhale mutausunga miyezi mowa wotero suchira. Mungaike chigubu m'beseni la madzi, kuchifunditsa thaulo lonyowa, n'kumaponyamo mabotolo a ayisi m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi oyamba. Zimathandiza, koma magetsi akathima tsiku lonse ayisiyo sapezeka.

Kveik ndi yisiti wa alimi a kumadzulo kwa Norway, ndipo mtundu wa Voss umagulitsidwa wouma m'mapaketi. Ameneyu amakonda kutentha: amagwira ntchito kuyambira 25 mpaka 40°C popanda kutulutsa ukali uja, ndipo pa 35°C amamaliza m'masiku atatu kapena anayi, pamene US-05 amafuna masabata awiri. Amathandizanso pa kuziziritsa. Kutsitsa malita 11 a madzi owira kufika 19°C, kuti muthire US-05, m'beseni m'nyengo yotentha kumadya ayisi wambiri, ndipo mukamachedwa tizilombo timapeza mpata wolowa. Kufika 35°C madzi a pampopi okha amakwanitsa, mukawasintha katatu kapena kanayi. Choti mudziwe n'chakuti Voss amasiya kafungo ka lalanje ndi kuwawasa pang'ono, ndipo mowa wake suyera mofanana ndi wa US-05. Ndi Cascade, amene kale amanunkhira ngati zipatso za m'gulu la malalanje, zimagwirizana bwino. Wofuna kukoma kwa chimera kokhakokha mwina sangakondwe nako.

Choncho sankhani yisiti poyang'ana mwezi: US-05 kuyambira May mpaka August, kveik miyezi yotentha. Theka la paketi limakwana malita 10 pa onse awiri. Aliyense amene mwasankha, musathire m'mabotolo chifukwa choti thovu lasiya kutuluka. Yezani ndi hydrometer, dikirani masiku awiri, yezaninso, ndipo nambala ikhale yomweyo. Kenako, kuti mowa udzakhale ndi mpweya m'botolo, sungunulani shuga magalamu 60 m'kapu ya madzi owira, sakanizani mofatsa ndi malita 10 onsewo, n'kuthira m'mabotolo a bulauni. Obiriwira amalowetsa kuwala kumene kumaononga hops, choncho ngati ndi okhawo muli nawo asungeni m'katoni yotseka. M'nyengo yotentha mpweya umakwana m'masiku 7 mpaka 10, m'nyengo yozizira dikirani masabata atatu.