Red dot ya feki ndi ya orijino: kusiyana kuli m'kati mwa chubu

Red dot ndi cholunjikira chomangirira pa mfuti, chomwe chimaonetsa kadontho kofiira pa chandamale. Mukaika Aimpoint Micro T-2 yeniyeni patebulo pambali pa yofanizira yogula pa AliExpress, msika wa pa intaneti, diso lokha silingakuuzeni msanga kuti iyi ndi iti. Kukula n'kofanana, utoto ndi wakuda, ndipo ena amadinda ngakhale dzina la kampani pambali. Mukayatsa, zonse ziwiri zimaonetsa kadontho kofiira. Yeniyeni imagulidwa madola 800 kapena kupitirira, yofanizira madola 30 kapena 40. Ndiye munthu amafunsa kuti ndalama zonsezo n'zolipirira dzina basi? Ayi. Mukulipirira kuti kadonthoko kakhale pomwe munakasiya, lero, mawa, ndiponso mfuti ikawomba kachikwi.

Tiyambe ndi mmene chida ichi chimagwirira ntchito, chifukwa zowonongeka zonse zimachokera pamenepo. M'kati muli kanyali kakang'ono ka LED kamene kamawalitsa pa galasi lakutsogolo. Galasilo ndi lokhota, lopendekeka pang'ono, ndipo linapakidwa mankhwala obweza kuwala kofiira kokha n'kulola kuwala kwina konse kudutsa. N'chifukwa chake mumaona chandamale ndi kadontho nthawi imodzi, maso onse awiri ali otsegula. Mu zambiri za mtundu wa chubu, kanyali ndi galasi zimakhala mu kachubu kena kam'kati, komwe sipuling'i imakakankhira pa masikuluu awiri, imodzi yokweza ndi kutsitsa, ina yopititsa kumanja ndi kumanzere. Mukamachuna mfuti mumakhala mukusuntha kachubu kameneka. Kampani ya Aimpoint ya ku Malmö m'dziko la Sweden inatulutsa chida choyamba chotere mu 1975, ndipo asilikali a ku America anadzatenga mtundu wake wina n'kuutcha M68.

Vuto lalikulu la yofanizira lili pa sipuling'i ndi masikuluu aja. Mfuti ikawomba imabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, ndipo chilichonse chosagwira bwino m'kati chimatsalira, n'kudzabwerera pamalo ena. Sipuling'i ikakhala yofooka, kachubu kamadumpha n'kukhala pang'ono pambali. Mazinga a sikuluu akakhala olobodoka, sikuluuyo imayenda yokha. Mu zotchipa zambiri kanyali kamangomatidwa ndi guluu, ndipo guluuyo akafewa ndi dzuwa kanyali kamasendera. Kusendera kwake n'kochepa kwambiri moti simungakuone, koma pa mtunda wa mamita 100 kumasanduka chikhatho chathunthu kapena kuposa. Choipa kwambiri n'chakuti chidacho sichikuchenjezani. Kadontho kamawala bwinobwino, kozungulira, kokongola, koma chipolopolo chikupita kwina. Chikanakhala kuti chimangozima, bwenzi mukudziwa kuti chafa. Kwa mlenje, zotsatira zake ndi nyama yolasidwa m'mimba m'malo mwa paphewa, yothawira m'tchire kukafa pang'onopang'ono, ndipo zimenezi sizoyenera kuzichepetsa pofuna kupulumutsa ndalama.

Chachiwiri ndi batire. Tizitsulo togwira batire mu yofanizira timakhala topyapyala, ndipo tikapindika kamodzi sitibwerera. Mfuti ikagunda, batire imasiyana ndi kachitsulo kwa kanthawi, kadontho n'kuphethira kapena kuzimiratu. Ena amapinda kachitsuloko ndi nsonga ya mpeni kapena kuika kachidutswa ka labala pansi pa chotsekera, ndipo zimathandiza masiku angapo, koma vuto limabwereranso. Palinso kudya moto. Batire ya CR2032 imasunga pafupifupi 220 mAh. Aimpoint imati T-2 imakhala maola 50,000 ili chiyakire pa nambala 8 ya kuwala, zomwe ndi zaka zoposa 5. Mukawerengera, ndiye kuti ikukoka moto wosafika pa 0.005 mA. Yofanizira ikamakoka 2 mA, batire yomweyo imatha m'maola 110, osakwana masiku 5. Mukaiwala kuzimitsa Lamlungu, Loweruka lotsatira mupeza mdima.

Nkhani ya madzi ndi yosavuta kumva. T-2 inapangidwa kuti imire mpaka mamita 25, ndipo Aimpoint PRO mpaka mamita 45. Palibe amene amapita kosaka pansi pa nyanja, koma manambalawa akutanthauza kuti timalabala totsekera tili pamalo pake ndipo chinyezi sichingalowe. Yofanizira nthawi zambiri ilibe timalabala tokwanira pa masikuluu ochunira ndi pa kogudubuza kowonjezera kuwala. M'nyengo ya mvula, mukatuluka m'mamawa kuli kozizira kenako dzuwa n'kuswa, nkhungu imachita m'kati mwa galasi momwe nsalu singafike. Fumbi la m'chilimwe limalowera momwemonso, n'kukakhala pa kanyali, kadontho n'kuoneka ngati kang'ambika.

Ambiri amaimba mlandu galasi pamene vuto lili pa chomangira. Njanji ya Picatinny, kachitsulo ka pamwamba pa mfuti pomwe chidacho chimamangidwa, ili ndi mipata yotakasuka mamilimita 5.23, pamene ya Weaver ndi yopapatiza, mamilimita pafupifupi 4.57. Chomangira chabwino chimakhala ndi kachitsulo kolowa mu mpatawo n'kukanirira. Cha yofanizira chimadalira kasikuluu kopyapyala, kachitsulo kofewa, komwe kamapindika kapena kudyeka mazinga mukangomanga molimbika. Pomanga chilichonse, cha feki kapena cha orijino, chitani chonchi: pukutani mafuta pa njanji, ikani chidacho mu mpata, chikankhireni kutsogolo chakukamwa kwa mfuti mpaka chikanirire, kenako mangani. Mumakankhira kutsogolo chifukwa ndi komwe chimafuna kupita mfuti ikabwerera m'mbuyo. Dontho limodzi la Loctite ya buluu, guluu woletsa sikuluu kumasuka, pa mazinga ndi lokwana. Yofiira musaiyandikire, imafuna moto kuti imasuke. Lembani kamzere ka penti kodutsa pa mutu wa sikuluu ndi pa chomangira, kuti sikuluu ikayenda muone msanga.

Kodi ndiye kuti yofanizira ilibiretu ntchito? Ili nayo. Zambiri mwa izi zinapangidwira mfuti zamasewero za airsoft, zomwe zimaponya timipira ta pulasitiki ndipo sizigunda. Pamenepo zimakhala zaka. Pa .22 LR yowombera zitini pa mamita 25, yofanizira ikhoza kupirira kwa nthawi, ngati mwachita mwayi ndi yomwe mwalandira, pakuti ziwiri zochokera m'bokosi limodzi sizifanana. Pa .308, pa chifefe cha 12 gauge kapena pa .375 H&H, musayese n'komwe. Chimene chimadabwitsa anthu ndi mfuti ya mpweya yothyola pakati, ija ya sipuling'i. Imaoneka yofatsa, koma imagunda kawiri: imabwerera m'mbuyo pisitoni ikanyamuka, kenako imalumphira kutsogolo pisitoniyo ikafika kumapeto. Kugunda kwa mbali ziwiriku kumamasula magalasi ndi tizitsulo ta batire mwachangu kuposa mfuti zina zamoto. Mfuti ya mpweya ya PCP, yodzaza ndi pampu, ilibe vuto limeneli.

Tisanamizane kuti dzina lalikulu silinalakwitsepo. Mu November 2015, kampani ya L-3 Communications, yomwe inali mwini wa EOTech, kampani yopanga zolunjikira za mfuti, inavomera kulipira boma la America madola 25.6 miliyoni pa mlandu wakuti zolunjikira zake zinkasuntha kadontho kukatentha kapena kuzizira kwambiri, ndiponso zinkavutika ndi chinyezi. Zinali zida zodula, zogulitsidwa kwa asilikali. Kusiyana kwake n'kwakuti panali kampani yodziwika yoyankha mlandu, ndipo ogula ambiri anabwezeredwa ndalama. Aimpoint imapereka chitsimikizo cha zaka 10 kwa wogwiritsa ntchito payekha, ndi zaka 2 kwa ogwiritsa pa ntchito kapena pa mipikisano. Wogulitsa feki pa intaneti, mukabwerako pakatha miyezi itatu, sitolo yake yasintha dzina.

Chimene chinathetsa mkangano umenewu, m'kuona kwathu, ndi zida zapakati. Izi si zofanizira, zili ndi mayina awoawo ndipo makampani ake amazivomereza. Sig Sauer Romeo5 imapezeka pa madola 120 mpaka 150 ku America. Ili ndi kadontho ka 2 MOA (muyezo wa kukula kwa kadontho, taufotokoza m'munsimu), imazima yokha ikakhala osagwedezeka n'kuyaka mukangoinyamula, ndipo ili pa muyezo wa IPX7, kutanthauza kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Holosun HS403B ili mu gulu lomwelo, ndipo kampani imati batire yake imafika maola 50,000. Holosun imapangidwa ku China komweko, zomwe zikuonetsa kuti vuto si dziko, koma ngati pali munthu amene amayesa chidacho chisanachoke ku fakitale. Galasi la zapakatizi limaonetsa kabuluu pang'ono kuposa la T-2, ndipo sitinganene kuti zingapirire kumenyetsedwa pa mwala mofanana nayo. Koma kwa mlenje wamba ndi wowombera chandamale, zimagwira zero, kutanthauza kuti kadontho sikasuntha pomwe munakachunira, ndipo ndicho chofunika. Wogula feki zitatu motsatizana, kuphatikiza zipolopolo zomwe wawononga pochuna mobwerezabwereza, wadutsa kale mtengo wa Romeo5 imodzi. Kwa msilikali, wapolisi kapena mlonda wa nyama zakutchire amene amayenda masabata m'thengo mfuti ili paphewa, apo Aimpoint ikuyenera mtengo wake.

Chenjezo limodzi: ngakhale zapakatizi zayamba kukopedwa, choncho mtengo wotsika modabwitsa uzikuopsani pa dzina lililonse. Pa T-1 ndi T-2 pali zizindikiro zosavuta. Yeniyeni ili ndi kadontho kofiira kokha, ndiye mukaona kogudubuza kolembedwa R ndi G, kosinthira ku kobiriwira, imeneyo ndi feki. Yeniyeni ili ndi manambala 12 a kuwala, ndipo 4 oyambirira ndi a zida zoonera usiku, moti masana simuona kanthu. Ikawala bwino pa nambala 1, kayikirani. Nambala ya siriyo muitumize kwa opanga musanalipire, makamaka pogula yogwiritsidwapo kale ntchito.

Chida chilichonse chimene muli nacho, chiyeseni musanachikhulupirire. Yambani mfuti ili yopanda zipolopolo. Ikhazikeni pa matumba a mchenga, kadontho kali pa chizindikiro cha pa mamita 50, ndiye sunthani mutu wanu kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi osakhudza mfuti. Kadontho kakamangokhala pa chizindikiro kapena kusendera pang'ono m'mphepete mwa galasi, zili bwino. Kakamayendayenda kwambiri, ndiye kuti nthawi iliyonse tsaya lanu likakhala mosiyana, chipolopolo chipitanso kosiyana.

Kenako pitani kowombera. MOA imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mamita 100, ndipo zida zambiri zimasuntha theka la MOA pa kiliki iliyonse ya sikuluu yochunira. Pa mamita 50 wombani zipolopolo 3 pakati pa pepala lalikulu. Kwezani makiliki 20 n'kuwombanso 3, mukulunjika pomwe paja. Gulu latsopano liyenera kukwera pafupifupi masentimita 14.5. Pitani makiliki 20 kumanja, wombani. 20 pansi, wombani. 20 kumanzere, wombani. Pa pepala payenera kutuluka bokosi la mbali zofanana, ndipo gulu lomaliza ligwere pa loyamba. Yofanizira nthawi zambiri imalephera pano. Makiliki ena samveka, ena sasuntha kanthu mpaka mfuti itawomba kamodzi kapena kawiri, kenako gulu limadumpha. Chimenecho ndi chizindikiro cha sipuling'i yofooka ija. Mukamaliza, menyani chubu pang'ono ndi chikhatho kangapo, wombaninso 3, ndipo mubwereze mutawomba zipolopolo 100.

Ngati kadontho kakuoneka ngati nyenyezi kapena kamchira, musathamangire kutaya chida. Chepetsani kuwala kaye, chifukwa ambiri amakweza mopitirira. Kenako jambulani kadonthoko ndi kamera ya foni kudzera m'galasi. Chithunzi chikaonetsa kadontho kozungulira bwino, vuto lili m'diso lanu, ndipo dokotala wa maso angakuthandizeni ndi magalasi. Chithunzi chikaonetsanso nyenyezi yomweyo, chotsani chidacho pa mfuti n'kuchitembenuza pang'onopang'ono mukuyang'anamo. Kamchira kakamazungulira limodzi ndi chubu, kanyali kapena galasi ndi lowonongeka, ndipo chibwezeni kwa wogulitsa nthawi yobweza katundu isanathe.