ACE 250, Simplex, Vanquish kapena makina a golide: ati oyenera kufunira za nkhondo m'katondo wa ku Chipata?

Ambiri amene akufuna kuyamba kufufuza zotsala za nkhondo kuno Kum'mawa amathamangira kufunsa kuti ndi makina ati ofufuzira zitsulo m'nthaka (metal detector) amamva pakuya kwambiri, ndipo funso limenelo ndi limene limawachititsa kugula makina olakwika. Zambiri zimene nkhondo zinasiya kuno zili pamwamba, m'dothi lomwe khasu limatembenuza chaka ndi chaka, zitasakanikirana ndi misomali, zidutswa za malata ndi zitsekerero za mabotolo. Chovuta ndi dothilo. Katondo wathu wofiirayu ali ndi chitsulo chakechake, ndipo makina osatha kumunyalanyaza amangolira paliponse. Choncho ine ndimayesa makina pa zinthu ziwiri: kupirira katondo, ndi kusiyanitsa mkuwa ndi chitsulo chadzimbiri.

Mkuwa ndi mtovu ndizo zikuluzikulu chifukwa cha nkhondo zimene zinafika kuno. Mu January 1898 asilikali a Britain ochokera ku Nyasaland anamenyana ndi Angoni a Mpezeni, amene ankatsogoleredwa ndi mwana wake Nsingo. Anabwera ndi mfuti za Maxim ndi mizinga, Angoni ali ndi nthungo, zishango ndi gogodela zowerengeka. Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu February chaka chomwecho. Chiyambi cha mkanganowo chinali golide yemwe kampani ya North Charterland inkakhulupirira kuti ali m'dziko la Mpezeni, potsamira chilolezo chomwe Mjeremani wamalonda Carl Wiese ankati anapatsidwa ndi Mpezeni. Mfuti za nyengo imeneyo, Snider ndi Martini-Henry, zinkaponya chipolopolo chachikulu cha mtovu. Cha Martini-Henry chimalemera pafupifupi magalamu 31, ndipo makina alionse abwinobwino amachimva. Khoko lake lakale, momwe munkakhala wonga, linali la mkuwa wopyapyala wokulunga, moti likakhala m'nthaka zaka zoposa 100 limatuluka lophwanyika ngati tsamba la fodya louma, kungotsala tsinde.

Pa zinthu zotere ACE 250 ikanakhala yokwanira kukanakhala kuti tili pamchenga. Ndi yopepuka, yosavuta kuphunzira, imadya mabatire anayi a AA omwe mumawapeza pa kantemba kalikonse. Imayenda pa mafunde a 6.5 kHz basi, ndipo ground balance yake, yomwe imazoloweretsa makina dothi la pamalo, inakhazikitsidwiratu kufakitale, simungaisinthe. Kudambo imachita bwino ndithu. Mukakwera nayo m'minda yofiira ya m'mphepete mwa mapiri, imayamba kulira pa miyala yopanda kanthu, ndiye mumatsitsa mphamvu kuti ikhale chete, kuya n'kutha pomwepo. Bokosi lake silifuna mvula. Ngati wina akukupatsani yakale pamtengo wachibale, tengani muphunzirirepo, koma yatsopano sindingagule.

Simplex+ ya Nokta, ya ku Turkey, ndiyo imene ndimalozera aliyense wondifunsa. Imayenda pa 12 kHz ndipo mutha kuizoloweretsa dothi la pamalo pomwe mwaima: mukweza ndi kutsitsa chimbale chakunsi chofufuzira kangapo pamalo opanda chitsulo, phokoso la katondo n'kuzimirira. Yonse imalowa m'madzi mpaka mamita 3, choncho mvula ya December ikakupezani m'munda simuthamanga. Zimenezi n'zofunika chifukwa nthaka yonyowa imamveketsa mkuwa bwino kuposa youma gwaa ya October. Chilema chake ndi batire la m'kati lotchajira pa USB. Kumudzi kopanda magetsi, kapena m'tauni magetsi akamazimazima, mufunika power bank kapena sola, apo ayi tsiku lapita.

Vanquish ndi mpikisano weniweni wa Simplex, ndipo anzanga ena amaikonda kuposa. Imatumiza mafunde angapo nthawi imodzi, njira imene Minelab imatcha Multi-IQ, ndipo phindu lake mumaliona pa manambala omwe makina amaonetsa polozera mtundu wa chitsulo: chinthu chikakhala pakuya, nambala ya Simplex imadumphadumpha pomwe ya Vanquish imakhazikika. Imagwiritsa ntchito mabatire anayi a AA, nkhani ya magetsi n'kutha. Koma za mtundu wa 340, 440 ndi 540 zilibe poti musinthire ground balance nokha, ndipo chimbale chokha ndicho chimalowa m'madzi. Pa dothi lapakatikati imaposa Simplex. Pa katondo wokhwima kwambiri ikayamba phokoso mulibe chochita koposa kutsitsa mphamvu. Equinox 800 ili ndi zabwino za onse awiri, mafunde angapo, ground balance, kulowa m'madzi, koma mtengo wake mungagulire ma Simplex awiri n'kutsala chenji. Kwa munthu wongoyamba ndi ndalama zotayira pa mabatani omwe sadzawakhudza chaka choyamba.

Kukhazikika kwa manambala kumathandiza kwambiri m'malo akale a boma, momwe zinyalala zachitsulo zili mbwee. Fort Jameson, Chipata ya lero, inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndipo apolisi, asilikali ndi amtengatenga ankadutsa kuno nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu. Anyamata a kuno analowa Northern Rhodesia Regiment n'kukamenya ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ena n'kubwerera ndi mabatani, zomangira malamba ndi mabaji okhala ndi chithunzi cha mbalame ya chisoti pamutu. Pa nkhondo yachiwiri kunalinso msasa wa othawa nkhondo a ku Poland. Chofala kwambiri m'malo otere ndi khoko la chipolopolo cha mfuti ya .303. Mukalitola, musalikwechese ndi mchenga. Nyowetsani tsinde, pukutani ndi chala, muliike choti dzuwa liwombe cham'mbali. Zilembo zimatuluka mozungulira: K ndi fakitale ya Kynoch ku Birmingham, R ndi L zokhala ndi kamuvi pakati ndi Royal Laboratory ku Woolwich, ndipo VII akutanthauza mtundu womwe unayamba mu 1910. Khoko la VII silingakhale la nkhondo ya Nsingo, kaya mwalitola pafupi bwanji ndi Feni, kwa Mpezeni. Ndipo ngakhale la Martini-Henry si umboni wa nkhondo pa lokha, poti alenje a njovu ndi njati anagwiritsa ntchito mfuti zomwezo zaka zambiri pambuyo pake.

Apa pali msampha umene makina onse atatu, ACE, Simplex ndi Vanquish, amagawana. Mukawauza kuti akane chitsulo kuti mupume ku misomali, mwakananso nsonga za nthungo, nkhwangwa ndi zidutswa za gogodela, ndiye kuti mbali yonse ya Angoni mwaitseka pakamwa, mwatsala ndi ya azungu yokha. Ine ndimasiya chitsulo chizimveka motsitsa. Simplex ili ndi poti muchepetse mawu a chitsulo okha, ndipo kwa ine ichi n'chimodzi mwa zifukwa zoisankhira.

Tsopano makina a golide, omwe achuluka chiyambire anthu kuthamangira ku Vubwi ndi ku Petauke. Gold Monster 1000 imayenda pa 45 kHz, inapangidwira timibulu ting'onoting'ono, choncho pamalo akale imalira pa kachidutswa kalikonse ka waya. GPX 5000 ndi ya mtundu wina, wa pulse induction, wotumiza mphamvu m'nthaka modukizadukiza. Katondo samuopa m'pang'ono pomwe ndipo imamva pakuya kuposa onse ndatchulawa, koma siisiyanitsa bwino zitsulo, ndi yolemera, ndi yodula koopsa. Mudzakumba dzenje lofika m'bondo kuti mutulutse mpeni wa pulawo. Komanso ma GPX achinyengo ndi ambiri pamsika, ofanana ndi enieni kunja kokha. Za timitengo tiwiri ta waya tomwe amati timaloza chuma pamtunda wa makilomita, sungani ndalama zanu. Ogulitsa zimenezi ndi omwewo amafalitsa nthano za mabokosi a chuma cha Majeremani. Asilikali a von Lettow-Vorbeck, mkulu wa nkhondo wa Majeremani, sanafike kuno. Anamva za kutha kwa nkhondo ali ku Chambeshi n'kukagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 November 1918. Nthano zimenezi zakumbitsa manda a anthu popanda phindu.

Musanagule alionse, dziwani kuti lamulo la 1989 la National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zakale za chaka cha 1924 chisanafike. Kuzikumba kapena kuzitulutsa m'dziko kumafuna chilolezo, ndipo mukapeza mwangozi muyenera kudziwitsa bungweli. Fort Young, panjira ya kwa Mpezeni, ndi malo otetezedwa. Kumeneko makina asiyeni kunyumba. Ndiye kuti zonse za 1898 ndi za nkhondo yoyamba si zoika m'thumba. M'munda wa munthu yambani mwapempha mwini wake ndi a nyakwawa, manda ndi malo a mizimu muwalambalale, dzenje lililonse mulikwirire ng'ombe ingathyoke mwendo.

Ku Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba, cha kumalire ndi Mozambique, kuyerekeza konseku kulibe ntchito. FRELIMO inkadutsira kumeneko itatsegula nkhondo ku Tete mu 1968, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Renamo ankalowa kudzaukira midzi, nthawi yomwe othawa nkhondo anasonkhanitsidwa ku Ukwimi. Zambia inalengeza mu 2009 kuti yachotsa minda ya mabomba okwirira, koma magrenedi ndi mabomba a mota osaphulika amatulukabe apa ndi apo. Makoko ambiri a AK ndi achitsulo, choncho makina amawaonetsa ngati zinyalala, chimodzimodzi ndi bomba ladzimbiri. Mabomba ena okwirira ndi apulasitiki kapena athabwa, okhala ndi kachitsulo kochepa moti Simplex, Vanquish ngakhale Equinox zitha kungonong'ona kapena kukhala chete inu mutaima pamwamba pake. Mukaona chinthu chozungulira, chamapiko kumchira kapena cha waya wotuluka, musachisunthe. Ikani chizindikiro chapatali, mubwerere njira imene munadzera, mukauze apolisi ndi a mfumu kuti aitane odziwa kutegula.